Zimene Ndinaona M'nyumba Zosungiramo Zakale ku Blantyre

Mwa maphunziro onse amene timaphunzira pasukulu pano, palibe limene ophunzira amadandaula nalo ngati phunziro la mbiri yakale. Ambiri amati ndi phunziro la anthu akufa, lodzala ndi zaka zoloweza pamtima ndi mayina a mayiko amene sitidzapondako phazi. Tsono ine ndafuna kukusimbirani za nyumba ziwiri zosungiramo zinthu zakale zimene ndinakaona mumzinda wa Blantyre pa tchuthi chapitachi, ndiponso zimene ndakhala ndikulingalira chibwerere kumeneko, pakuti nkhani yake itikhudza ife ana a m'mphepete mwa nyanja koposa mmene tiganizira.

Amene anandiitana ku Blantyre ndi amalume anga ogwira ntchito ku Limbe. Aphunzitsi athu a mbiri atamva za ulendowu anandiitanira pambali nati, "Mnyamata iwe, usakathe tchuthi chonse uli kukamwa yasa, kuyang'ana nyumba zosanja. Ukapemphe amalume ako akakuperekeze ku Chichiri ndi ku Mandala, ndipo usaiwale kope ndi pensulo." Ndinanyamuka kwathu ku Senga Bay m'bandakucha, nthawi imene asodzi a usipa amakocheza pagombe nyali zawo zitazima. Pa boma la Salima ndinakwera basi ya kummwera, ndipo tinadzera pa Chipoka, pa Mtakataka, pa Golomoti ndi pa Balaka, tinaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, ndi kulowa mumzinda dzuwa litapendeka. Dzina la Mtakataka mulisunge, chifukwa tikumana nalonso kutsogoloku.

Nyumba yoyamba ili pa Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe, kufupi ndi bwalo lalikulu la mpira la Kamuzu. Dzina lake ndi Museum of Malawi, koma anthu amangoti ku myuziyamu. Bambo amene anatilandira ndi kutionetsa zinthu anayamba ndi mbiri ya nyumbayo. Anati lamulo lokhazikitsa malo osungirako zakale m'dziko muno linapangidwa mu 1957, dziko lathu likutchedwabe Nyasaland; zinthu zoyamba anazionetsa ku Mandala mu 1960; ndipo nyumba ya pa Chichiri inatsegulidwa mu June 1966, kutatsala masiku owerengeka kuti Malawi akhale Republic pa 6 July chaka chomwecho. Chotero nyumbayi ili ngati mng'ono wake wa ufulu wathu, umene unabadwa mu 1964.

Munthu asanalowe m'kati, pabwalo amayamba waona mitu ya sitima zapamtunda zakale zoyendera moto ndi nthunzi, pamodzi ndi makina ena amene anatopa kalekale. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo kwathu ku Salima inafika mu 1935. Ndinasuzumira pamalo pamene munthu ankaima ndi kumaponya nkhuni kapena malasha pamoto kuti sitima iyende. Malo ake ndi ochepa ngati khola la mbuzi, ndipo ndinadabwa kuti munthu ankapirira bwanji pamenepo m'mwezi wa October, podutsa m'chigwa chotentha ngati chathu.

M'kati, chinthu chimene ana ambiri amathamangira ndi mwala wakuda umene unagwa kuchokera kumwamba m'boma la Machinga pa 22 January 1981. Umalemera makilogalamu 93, ndiye kuti pafupifupi matumba awiri a chimanga. Amalume anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Uwu ukanagwera pa denga la munthu kwathu, bwenzi mpaka lero mabanja awiri asakulankhulana." Tonse tinaseka, ndi bambo wotionetsa uja yemwe.

Titachoka pamenepo tinafika pa zinthu zofukulidwa m'nthaka: mipaliro ya miyala, zitsulo zadzimbiri ndi mapale. Poziona ndi maso zilibe ulemerero, pakuti phale ndi phale basi, longa limene amayi amakazingira chimanga. Koma bambo uja anatiuza kuti mapale akale kwambiri a anthu osula zitsulo m'chigawo chino amatchedwa a Nkope, chifukwa anawafukula pa Nkope, m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi m'boma la Mangochi. Anawafukula ndi katswiri wina dzina lake K. R. Robinson m'zaka za m'ma 1960, ndipo eni mapalewo anakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo. Anatiuzanso kuti pafupi ndi Mtakataka paja, pamalo otchedwa Mankhamba, Mmalawi mnzathu Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mudzi waukulu umene unali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Anapezako mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu, ngakhale zidutswa za mbale zochokera ku China. Taganizani, anzanga: mbale ya ku China kufika pa Mtakataka kusanabwere njanji kapena galimoto! Komanso dzina loti Mankhamba silinatuluke m'nthaka ayi. Linasungidwa pakamwa pa akuluakulu mibadwomibadwo, ndipo khasu la wofukula linangodzachitira umboni zimene pakamwa panasunga.

Pamene tinafika pa mbali ya ukapolo kuseka konse kunatha. Munthu ukaona unyolo ndi goli, mtengo wamphanda uja ankamangira m'khosi mwa munthu, sufunanso wina woti akufotokozere. Ife a ku Salima nkhaniyi si yakutali. Kumpoto kwathu, ku Nkhotakota, kunakhala Jumbe kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zamatanga zinkaolotsa anthu ogwidwa kupita kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa miyezi wopita ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Malonda oipawa anatha m'zaka za m'ma 1890. Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895. Kukacha bwino ife a ku Senga Bay timaona mapiri a kutsidya, cha kwa Makanjira, ali bii ngati utsi. Chiyambire tsiku limenelo, ndikawaona mapiri aja ndimakumbukira kuti panali anthu amene anatembenuka ali m'chombo kuyang'ana mapiri athu a kuno komaliza.

Koma chimene chinandigwira mtima koposa si mwala wakumwamba kapena unyolo. Pa mbali ya ziwiya za m'mudzi panali malichero, nsengwa, mikondo, sompho, ndiponso mono wa nsomba. Tili pomwepo panafika ana a sukulu ina ya mumzinda pamodzi ndi aphunzitsi awo aakazi. Mtsikana wina analoza mono nafunsa, "Madamu, kodi chimenechi ndi chisa cha nkhuku?" Mnzake anati ayi, ndi dengu limene woluka analisiya panjira. Ine mtima sunandilole kukhala chete. Ndinapempha chilolezo kwa aphunzitsi awo, ndipo ndinawafotokozera anawo kuti mono amautchera m'madzi osaya, m'mabango kapena pa mtsinje. Kuti khomo lake limalowa m'kati ndi kumka lichepa, kotero kuti nsomba ikalowa siidziwanso potulukira. Kuti ena amaikamo nyambo ya gaga. Ndi kuti wokaonjola amapita m'mamawa ndi maso anayi, chifukwa ng'ona nayo imadziwa pamene pali mono. Ana aja anandizinga ndi mafunso ngati ndine wantchito wa pamenepo, ndipo aphunzitsi awo anati, "Zikomo achimwene, lero mwatiphunzitsa."

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Kwathu mono ukathyoka timasonkhera moto, koma kuno ausunga mwaulemu ndi kuuikira kapepala. Pa kapepalapo alembapo dzina la chinthu ndi ntchito yake, mizere iwiri kapena itatu, ndipo kapepala sikangathe kunyamula zoposa pamenepo. Sikanganene kuti nsungwi kapena bango loluka mono amadula mwezi uti, kapena kuti mono amautchera chopenya kuti madzi akamatsika. Nyumba ija ingathe kusunga chinthu zaka mazana osaonongeka, koma nzeru ya chinthucho imakhala m'mutu mwa munthu, ndipo munthu alibe zaka mazana.

M'mawa mwake tinapita ku Mandala. Nyumba imeneyi inamangidwa mu 1882, ndipo ndiyo yakale koposa mwa nyumba zachizungu zimene zilipobe m'dziko muno. Ndi yosanja kamodzi, ya makoma ochindikala ndi khonde lalikulu. Inali nyumba ya akuluakulu a kampani ya African Lakes, imene inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo ankaiyendetsa ndi abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu poona kung'anima kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linagwira kampani, nyumba ndi dera lonselo kufikira lero. Apa mukuona kuti makolo athu nawo ankalemba mbiri, ngakhale analibe inki: dzina limodzi lachipongwe lakhala zaka zoposa 140.

Pamwamba pa nyumbayi pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society. Muli mabuku akale, mamapu ndi zithunzi zambirimbiri. Monga mwana wa kunyanja, ine ndinapempha kuona za sitima zapamadzi. Ndinawerenga za Ilala yoyamba, imene inabwera ndi E. D. Young ndi Dr Robert Laws mu 1875. Pofika pa mathithi a Shire anaiphwasula, ndipo amtengatenga mazanamazana anaisenza pamitu zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Inalowa m'nyanja mu October chaka chomwecho. Ndinawerenga za Vipya, imene inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja pa 30 July 1946, ndipo anthu 145 anafa. Ndinawerenganso za Ilala yachiwiri, imene ambiri a ife tinaionapo: anaipanga ku Scotland, zidutswa zake zinadzera ku Beira ndi kubwera pa njanji mpaka pa Chipoka pathu pompa, ndipo inayamba kuyenda mu 1951.

Pa zithunzi zakale ndinaona chinthu china chimene chinandikhalitsa chete. Ojambula a masiku amenewo ankalemba bwinobwino dzina la Mzungu aliyense amene ali pachithunzi, koma anthu akuda ankangowalemba kuti "amtengatenga", "asodzi" kapena "antchito". Ndinayang'anitsitsa nkhope ya bambo wina ataima pambali pa bwato, nkhafi ili m'manja. Anali ndi dzina, anali ndi mfunda, anali ndi mudzi ndi ana. Mwina ndi kholo la mmodzi wa ife amene tikuwerenga magazini ino. Koma panalibe womufunsa, ndipo tsopano palibenso woti n'kutiuza. Pobwerera tinadzera pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Aliyense amadziwa kuti anatsogolera ntchitoyo ndi Rev. David Clement Scott, ndipo ulemu umenewo ndi womuyenera. Koma njerwa zonse zija anaziumba, kuziotcha ndi kuziyala ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo ndinalakalaka nditadziwa ngakhale mayina awo khumi okha.

Nditabwerera kwathu ndinapeza agogo anga aamuna ali pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde wa atate. Agogowa anasiya kupita panyanja chifukwa cha maso, koma zala zawo zimaonabe. Nditawapatsa moni ndi shuga amene amalume anatumiza, ndinakhala pansi ndi kufunsa, "Agogo, kodi ukonde wa nayiloni usanabwere, anthu ankapha nsomba ndi chiyani?" Iwo anaika pansi chosokera, naseka mpaka kutsokomola, nati, "Mdzukulu wanga, wachita kukwera basi mpaka ku Blantyre kuti ukaphunzire kufunsa funso limeneli? Ine ndakhala pompano zaka zonsezi."

Analankhula madzulo atatu otsatizana, ine ndikulemba. Anandiuza mmene atate awo ankapotera chingwe cha bwazi pantchafu ndi kuluka ukonde miyezi yambiri, ndi mmene ankauyanikira tsiku lililonse kuti usaole; ukonde unali chuma, wosausiya pamchenga monga tichitira lero. Anandiuza za kusema bwato: kusankha mtengo waukulu wopanda mphako, kupempha kwa mfumu, kuugwetsa, kuukumba ndi nkhwangwa ndi sompho masabata angapo, wosema akumagogoda m'mbali ndi kumvera kulira kwake kuti adziwe pamene pachindikala ndi pamene papyapyala; kenaka mudzi wonse kukaukoka ndi nyimbo kutsikira nawo kugombe. Anati mitengo yotero inatha m'mapiri a Senga, n'chifukwa chake maboti amatabwa achuluka. Anandiphunzitsa mphepo zinayi: mwera wochokera kummwera, umene umavuta nthawi yachisanu, mpoto wochokera kumpoto, vuma wochokera kum'mawa, ndi zambwe wochokera kumadzulo, ndi zizindikiro za mitambo ndi mafunde zimene msodzi amaonera kuti lero si tsiku lopita kutali. Anandiuza mmene amapezera miyala ya pansi pa madzi pamene utaka umasonkhana, polunjikitsa nsonga ya phiri ndi chilumba cha Namalenje, wopanda kampasi kapena foni.

Anandiuzanso za nsomba yotchedwa ntchila. Anati pa unyamata wawo inkalowa m'mitsinje monga Linthipe nthawi ya mvula kukaswana, yochuluka kotero kuti anthu ankatopa nayo. Ine chibadwire sindinaionepo ntchila pa thandala lililonse la ku Senga Bay. Aphunzitsi athu a sayansi atsimikiza kuti nsombayi inali imodzi mwa zophedwa kwambiri m'nyanja muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo inachepa koopsa chifukwa choitchingira pa mathiriro a mitsinje isanaswane. Ngati nsomba yodzaza mitsinje ingazimirire m'moyo wa munthu mmodzi, nanga mawu a pakamwa adzalimba bwanji?

Madzulo achitatu agogo anawerenga pa zala anzawo amene ankapalasa nawo bwato limodzi. Anatchula mayina asanu ndi atatu, nati, "Mwa onsewa tatsala awiri, ndipo mnzangayo sakumvanso. Atate ako anaphunzira injini, iwe waphunzira pensulo. Zonsezo n'zabwino. Koma zimene ndakuuzazi palibe anandifunsapo, ndipo ndimati ndipita nazo kumanda." Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba nkhani ino.

Wina anganene kuti nzeru zoterezi zinatha ntchito, pakuti lero kuli injini ndi nayiloni. Woteroyo ayang'ane chilumba cha Mbenji m'boma lathu lomwe lino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira a kuno ku Salima akhala akutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu December mpaka cha mu April, ndipo asodzi amamvera malamulo a pamenepo. Lamulo limeneli silinachokere m'buku. Linachokera kwa akuluakulu odziwa nyanja. Utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka chifukwa cha kukula kwake, ndipo anthu ophunzira a m'mayunivesite a kuno ndi a kunja apitako kukafunsa chinsinsi chake. Nzeru ya makolo ikasungidwa imadyetsa anthu.

Tsono pempho langa kwa inu anzanga ndi ili. Si tonse tingapeze ndalama ya basi yopita ku Blantyre, ngakhale ndikulimbikitsa aliyense amene angathe kuti akaone Chichiri ndi Mandala, kapenanso nyumba ya Chamare ku Mua, imene ili pafupi ndi ife. Koma aliyense wa ife ali ndi gogo, kapena nkhalamba ya pafupi ndi kwawo. Pa tchuthi chikudzachi aliyense atenge kope, akakhale pansi mwaulemu ndi kufunsa. Anyamata akafunse za mabwato, maukonde ndi mphepo. Atsikana akafunse za kuumba mbiya, kutcheza chidulo, kuyanika ndi kuwamba nsomba. Ndipo amene afuna kusinthanitsa asinthanitse. Tikafunse za njala ya 1949, za kubwera kwa njanji, za amene anapita ku Joni ndi ku Halale osabwerako. Pamwamba pa tsamba tikalembe dzina la wotiuzayo, mfunda wake, mudzi wake ndi tsiku, iye atalola, kuti asadzakhale ngati bambo wa pachithunzi uja. Zinthu za kumanda ndi za kudambwe tisakazikhudze, ndipo chimene mwini wake wakana kunena tisakamukakamize. Samuel Josia Ntara, amene analemba buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, anali mphunzitsi wa ku Nkhoma Mission amene anachita zomwezi: anapita kwa akuluakulu, namvetsera, nalemba.

Kwa inu aphunzitsi athu, ndi kwa inu a Hedimasitala, tikupempha modzichepetsa kabati imodzi yokhala ndi loko m'laibulale ya sukulu, yosungiramo makope amenewa pamodzi ndi tinthu timene eni ake angatipatse mwaufulu: nkhafi yakale, mono, sompho, phale. Ine ndayamba kale. Ndili ndi masamba 23 a mawu a agogo, ndipo iwo alonjeza kundipatsa sompho wa atate awo ngati sukulu ipeza pomusunga.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma ife a kunyanja tikudziwa kuti dambo nalo limauma. Tiyeni tikatunge madzi akalipo.

Wophunzira wa Fomu 3